Kope Langa ndi Khoma la Chigayo

Pafupifupi chinthu chilichonse chimene mumagwiritsa ntchito kusukulu kapena kunyumba chidayamba chaoneka papepala. Desiki limene mumakhalapo, ndowa imene amayi amatungira madzi, kapu yomwera tiyi, ngakhale wilibala wa amisiri omanga nyumba, zonsezi zisanapangidwe padali munthu amene adakhala pansi ndi pensulo, naganiza za kukula kwake, maonekedwe ake ndi kagwiridwe kake. Munthu wotereyu simumuona, ndipo dzina lake sililembedwa pa katunduyo. Ine ndine mmodzi wa anthu otere.

Ndimagwira ntchito pa fakitale ina mumzinda wa Blantyre, kumene timapanga ziŵiya za pulasitiki monga ndowa, mabeseni ndi mipando. Sindiyendetsa makina ai. Ntchito yanga ndi kujambula chinthu chimene sichinapangidwe, kenaka amisiri ena amasula chikombole chachitsulo potsata chithunzi changacho. Pulasitiki wosungunuka akaloŵetsedwa m'chikombolemo, mumatuluka ndowa, ina pambuyo pa inzake, zonse zofanana ngati mapasa.

Mwina mukuganiza kuti kujambula ndowa nkosavuta. Tamverani tsono. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, motero ndowa ya malita 20 ikadzaza, munthu amanyamula makilogalamu 20. Chogwirira chake chikakhala chopyapyala chimacheka zala. Pansi pake payenera kukhazikika bwino pankhata, kuti wosenza asavutike khosi. Kukamwa kwa ndowa kuyenera kukula kuposa pansi, kuti ituluke bwino m'chikombole, ndiponso kuti ndowa zambiri ziloŵane poziika pa galimoto. Pulasitiki akachepa ndowa imang'aluka msanga, akachuluka mtengo umakwera ndipo anthu sagula. Ndowa ina ndidaijambula nthaŵi zoposa 40 akuluakulu a pa ntchito asanaivomereze. Lero ndimaiona pamitu ya amayi ku Ndirande, ku Bangwe ndi kumidzi yakutali, koma palibe ndi mmodzi yemwe amadziŵa kuti chogwirira chakecho chidandisoŵetsa tulo.

Ntchito imeneyi ndimaikonda, koma ili ndi malamulo ambiri. Mzere uliwonse uli ndi muyeso wake, ndipo muyeso uliwonse uli ndi mtengo wake. Nchifukwa chake ndimasunga kope lina laling'ono m'thumba la malaya, limene bwana aliyense alibe nalo mau. M'kopemo ndimajambula mwachangu chilichonse chimene maso anga akumana nacho: mayi wogulitsa tomato pamsika wa Limbe, galu wogona pansi pa mtengo wa mango, mnyamata wa kabaza akukwera chitunda thukuta lili kamukamu. Chithunzi chotere sichitenga mphindi zoposa zitatu, pakuti anthu ndi nyama sadikira wojambula. Labala sindiyenda naye. Mzere ukapanda kukhala bwino ndimajambula wina pambali pake, ndipo diso limasankha lokha woona. Makope otere ndadzaza ambiri, ali m'katoni kunsi kwa bedi. Zithunzi zambiri zimathera momwemo, koma chimodzichimodzi chimakana kukhala m'kope. Chimafuna khoma.

Zojambula pakhoma ndi penti wopopera ndidaziphunzira ku Johannesburg, m'dziko la South Africa, kumene ndidagwirako ntchito zaka zinayi ndili mnyamata. Mumzindamo muli dera lotchedwa Newtown, ndipo pamwamba pake pamadutsa mseu waukulu wokhazikika pa nsanamira za simenti. Nsanamirazo zidali zodzaza ndi zithunzi: nkhope zazikulu kuposa chitseko, mbalame, ndi zilembo zopiringizana zimene sindidathe kuziŵerenga msanga. Mnzanga wina wa ku ntchito, amene ankajambula nawo kumeneko, ndiye adandigwiritsa chitini kwa nthaŵi yoyamba. Adandiuzanso kuti luso limeneli amalitcha graffiti, mau ochokera m'chinenero cha anthu a ku Italy, amene poyamba ankatanthauza zolembedwa mokanda pakhoma.

Graffiti wa penti wopopera adayambira ku Amereka, m'mizinda ya Philadelphia ndi New York, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Oyambitsa ake adali anyamata a m'madera osauka, ndipo sankajambula zithunzi ai, ankangolemba maina ao. Ku Philadelphia kudatchuka mnyamata wodzitcha Cornbread. Ku New York kudali wina amene ankagwira ntchito yopereka makalata ndi katundu mumzinda monse, ndipo paliponse pamene wafika ankalemba kuti TAKI 183. Taki lidali dzina lake loseŵera, ndipo 183 idali nambala ya mseu wa kwao. M'chaka cha 1971 nyuzipepala ya New York Times idalemba nkhani yake, ndipo anyamata ena ambirimbiri adayamba kumtsanzira. Posakhalitsa zilembo zidakula, zidaloŵa mitundu, mpaka zidaphimba mabogi athunthu a sitima zoyenda pansi pa mzindawo.

Ine mtima wa anyamata amenewo ndimaumvetsa. Munthu wokhala pakati pa anthu mamiliyoni, wopanda womuitana ndi dzina, amalakalaka kunena kuti, "Nanenso ndilipo." Komabe sitimazo ndi makomawo zidali ndi eni ake, ndipo eni akewo sadafunsidwe. Ndalama zambiri zidaonongeka pofufuta, anyamata ambiri adamangidwa, ndipo ena adavulala kapena kufa kumene pozemba usiku m'njanji. Akuluakulu a New York adalimbana nazo zaka zambiri, kufikira m'chaka cha 1989 pamene sitima yomaliza yolembedwalembedwa idachotsedwa panjanji. A ku Philadelphia adayesanso njira ina imene ine ndimaiona kuti idali yanzeru koposa. M'chaka cha 1984 adalemba ntchito mayi wina waluso, Jane Golden, kuti akakumane ndi anyamata olemba m'makomawo ndi kuŵaphunzitsa kujambula zithunzi zazikulu pa makoma amene eni ake avomera. Kuchokera pamenepo mumzindamo mwajambulidwa zithunzi zoposa 3,000, ndipo alendo amapitako kukaziona. Njira imeneyi ndiyo ndimatsata ine. Sindikhudza khoma limene mwini wake sadandilole, ndipo ndimajambula masana, dzuŵa likuswa mtengo, aliyense akuona.

Ena amandiuza kuti zimenezi ndi zachilendo, si za kwathu kuno. Chitinicho nchachilendodi, koma kujambula pakhoma ai. Pitani ku Chongoni m'boma la Dedza, mukaone matanthwe ndi mapanga mmene muli zithunzi zofiira zimene akuti adajambula Akafula, ndi zoyera zimene adajambula makolo athu Acheŵa. Malo otere alipo 127, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaŵaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Ngakhale lero lino, amayi ambiri akumudzi akatha kuzira nyumba amatenga dothi lofiira, loyera ndi lakuda, nakongoletsa khonde ndi maluŵa kapena mizere yokhotakhota. Agogo anga ankatero chaka ndi chaka mvula ikatha.

Chitini cha penti wopopera ndimachiyang'ana ndi ulemu, pakuti nachonso chidajambulidwa ndi amisiri onga ine. Nzeru yoika madzi ndi mpweya wopanikizidwa m'chitini chimodzi adaitulukira Erik Rotheim wa ku Norway m'zaka za m'ma 1920, ndipo m'chaka cha 1949 Edward Seymour wa ku Amereka ndiye adaikamo penti. M'katimo muli kampira kolimba kamene kamalira kuti gobedegobede mukakhutchumula chitini. Ntchito yake ndi kutakasa penti amene wakhazikika pansi. Muli kapaipi kochokera pansi kufika pamwamba, ndipo pamwambapo pali kamutu kokhala ndi kabowo kakang'ono ngati ka singano. Mukadina kamutuko, mpweya umakankha penti ndipo amatuluka ngati nkhungu. Mukayandikira khoma mzere umakhala wopyapyala ndi wakuthwa. Mukatalikira umakula ndi kufeŵa m'mbali, ndipo umu ndi mmene timapangira mithunzi ya pankhope. Dzanja likaima malo amodzi penti amachuluka nayamba kuchucha ngati misozi. Pomaliza ntchito timazondotsa chitini ndi kupopera pang'ono mpaka mutuluke mpweya wokha, kuti kabowo kaja kasatsekeke.

Pano ndiyenera kunena mosapsatira, ana inu. Chitini chimenechi si choseŵeretsa. Fungo lake limaononga mapapo ndi ubongo, choncho ine ndimavala chophimba mphuno ndi pakamwa, ndipo sindipopera m'nyumba yotseka. Mpweya wa m'katimo umayaka msanga. Chitini chotha penti chikaponyedwa pamoto kapena kubooledwa ndi msomali chimaphulika, ndipo chingathe kuchotsa diso la munthu. Mukachipeza padzala, chisiyeni pomwepo.

Mwa makoma onse amene ndajambulapo, limene limabwera kaŵirikaŵiri m'maganizo mwanga ndi la chigayo cha kufupi ndi kwathu. Lidali loyang'ana kumseu, lotalika mamita 8 m'litali ndi mamita 3 kupita m'mwamba. Lidali lakuda ndi fumbi, m'munsi mwake anthu ankatayamo zinyalala, ndipo amuna ena ankaimapo kutaya madzi. Mwini chigayo, bambo wachikulire wa imvi, adalembapo chenjezo ndi makala, koma palibe amene ankalisamala. Tsiku lina Loŵeruka ndidapita kukampeza, kope langa lili m'manja.

Adatsegula masamba mmodzimmodzi osanena kanthu. Potsiriza adafunsa kuti, "Tsono mufuna ndalama zingati, achimwene?"

"Ndalama ai, bambo. Ndikupempha khoma lokha. Penti ndigula ndekha."

Adandiyang'ana nthaŵi yaitali. "Munthu wogula penti ndi ndalama zake kuti akongoletse khoma la mwini sindinamuonepo. Kodi si za ndale zimenezi?"

Ndidamtsimikizira kuti sizidali za ndale, ndipo kuti ndidzamuonetsa chithunzi chonse papepala ndisanakhudze khoma. Adati ayambe wakambirana ndi amayi a kunyumba. Patapita mlungu umodzi adanditumira mdzukulu wake kudzandiuza kuti avomera, malinga dzina la chigayo lidzalembedwe pamwamba ndi zilembo zooneka.

Masiku a Loŵeruka atatu ndidangokhala pa benchi la pachigayo ndi pensulo. Ndidajambula amayi akutula matumba, ena akupeta, ena akuyanika ufa pamphasa, nsidze zili mbuu. Ndidajambula nkhuku zimene zinkazembera madeya, ndi mwana wogona kumbuyo kwa mai wake phokoso la chigayo lili m'kati. Gogo wina atazindikira chimene ndinkachita adandiloza ndi chala nati, "Mwana wanga, nkhope yanga isakapezeke pakhoma. Sindifuna kuti anthu azikandiloza pamseu." Ndidamlonjeza, ndipo chifukwa cha mau akewo nkhope zonse za pa chithunzicho ndidazipeka. Mphuno idali ya uyu, masaya a uyo, kotero kuti panalibe munthu amene akadati ndi iyeyo.

Kusamutsa chithunzi kuchoka papepala kupita pakhoma kumafuna masamu, omwewo amene mukuphunzira m'kalasi. Chithunzi changa ndidachijambula pa pepala la masentimita 32 m'litali ndi 12 m'lifupi, ndipo ndidaligaŵa m'timabokosi ta masentimita 2 mbali zonse. Tidakwana 16 mopingasa ndi 6 motsika. Khoma nalo, nditalitsuka ndi kulipaka penti woyera, ndidaligaŵa ndi choko m'mabokosi 16 mopingasa ndi 6 motsika, lililonse la masentimita 50. Zotsala zidali kukopera za m'kabokosi kalikonse m'bokosi lake lalikulu. Malo aakulu, monga thambo ndi nthaka, ndidapaka ndi burashi ndi penti wamba, chifukwa zitini nzokwera mtengo. Zitini 14 zimene ndidagula pang'onopang'ono pa miyezi itatu ndidazisungira nkhope, zitenje ndi mithunzi.

Papepala munthu amajambula ndi zala, koma pakhoma amajambula ndi thupi lonse. Mzere wa msana wa mayi woŵerama umayambira paphewa, numafuna kuti miyendo iyende nawo. Ukakhala pafupi ndi khoma suona chimene ukuchita, umangoona mtundu wofiira kapena wobiriŵira uli patsogolo pako. Choncho ndinkatsika pa makwerero kaŵirikaŵiri, kuoloka mseu, ndi kukayang'ana ndili tsidya linalo. Ana ankasonkhana kumeneko namakangana. Wina ankati, "Ndi ng'ombe imeneyo!" Mnzake ankayankha kuti, "Bodza, ndi thumba la chimanga!" Aakulupo ndinkaŵalola kugwira makwerero ndi kunditengera madzi, koma ndikayamba kupopera onse ankaima kumene kukuchokera mphepo.

Ntchitoyo idatenga masiku a Loŵeruka asanu. Pa tsiku lomaliza mwini chigayo adandifunsa chifukwa chake sindidalembe dzina langa m'munsi monga amachitira ojambula ena. Ndidamlozera mtsikana wa kumapeto kwa chithunzi, amene adasenza ndowa yobiriŵira. Ndowayo idali yomwe ija ya zithunzi 40, ndi chogwirira chake chokhuthala pakati. Bamboyo adaseka mpaka kutsokomola, nati yotere ali nayo kunyumba.

Chimene chidatsatira sindidachiyembekeze. Zinyalala zidaleka kutayidwa pamenepo. Amayi ogulitsa zitumbuwa adasamukira m'munsi mwa khomalo, ndipo m'maŵa uliwonse ankasesapo. Mwamuna wina atayesa kuimapo monga kale, amayiwo adamkuwiza kuti, "Kodi simukuŵaona anthu akukuyang'ananiwo?" Chenjezo la makala lidalephera zaka zambiri, koma nkhope zopeka zidatha. Madalaivala a minibasi nawo adayamba kutcha malowo kuti pa Amayi Opeta.

Penti sakhalitsa padzuŵa. Zithunzi za ku Chongoni zakhala zaka mazanamazana chifukwa matanthwe amazitchinjiriza ku mvula, koma khoma la pamseu lilibe chotchinga. Chaka choyamba chisanathe, mtundu wofiira udayamba kuzilala, ndipo ndinkapitako nthaŵi ndi nthaŵi kukaudzutsa. Ndinkaganiza kuti mdani wa chithunzicho ndi dzuŵa basi.

Patapita zaka ziŵiri ndi miyezi ingapo, mwini chigayo adafika kwathu madzulo, wapansi, chipewa chili m'manja. Adakana tiyi. Adati kampani ina yamupempha khomalo kuti ilembepo malonda ake, ndipo idzamlipira chaka ndi chaka. Magetsi ankazimazima, chigayo sichinkabweretsa ndalama monga kale, ndipo adzukulu aŵiri adali atasankhidwa kupita ku sekondale.

"Sindidafune kuti mungoona atafufuta, achimwene," adatero. "Ndati ndibwere ndekha."

"Khoma ndi lanu, bambo," ndidayankha. "Ana apite kusukulu."

Mau amenewo adali oona, koma adatuluka movuta. Palibe chimene bamboyo adalakwa. Akadakhala wina sakadayenda nkomwe mtunda wonsewo kudzandiuza. Komabe tsiku limene opaka penti adabwera ndidaima tsidya la mseu, pamalo paja ana ankakanganirana, ndipo ndidaona amayi opeta akuphimbidwa mmodzimmodzi ndi penti wachikasu. Ntchito ya masiku asanu idatha nthaŵi ya nkhomaliro isanakwane. Gogo uja wokana kujambulidwa adaima pambali panga, thumba lili pamutu, nati, "Aŵa ndiye atilanda anzathu." Ogulitsa zitumbuwa sadasamuke, ndipo amasesabe. Madalaivala mpaka lero amati pa Amayi Opeta, ngakhale okwera achilendo amayang'ana uku ndi uku osaona mayi wopeta aliyense.

Mwezi wathawu bambo uja adanditumiranso mdzukulu wake. Chigayocho chili ndi khoma lina la kumbali, loyang'ana kunjira yopita kumjigo, limene a kampani sadalifune chifukwa silioneka kumseu. Ndidapita kukaliyesa, mdzukuluyo atagwira mbali ina ya tepi. Ndi la mamita 5 okha, ndipo pakati pake pali zenera lokhala ndi zitsulo, limene poyamba lidandisokoneza. Tsopano ndikuganiza zolisandutsa khomo la khola la nkhunda. Amayi a pachigayo akuti nkhunda zokha sizikwanira, pakhale tambala wamkulu, wofiira, woti azioneka kuchokera kumjigo. Ndaŵauza kuti mtundu wofiira suchedwa kuzilala, koma iwo akuti tambala wobiriŵira sanamuonepo. Zitini zinayi ndagula kale. Tambalayo ndamjambula kasanu ndi kaŵiri m'kope, ndipo Loŵeruka likudzali ndikakhala pakhomo pa anansi athu amene ali ndi tambala wa mchira wautali, kuti ndikaone mmene nthenga zake zimagwera akamalira.